Nsanja Yomaliza ya a Bilimankhwe

Dzina loti Bilimankhwe sanabadwe nalo. Anawapatsa ndi anzawo a pantchito mu 1963, ataona mmene ankakwerera nsanja ya wayilesi. Dzanja limodzi silinkasiya chitsulo linzake lisanagwire china, ndipo maso ankangoti uku ndi uku: pa chingwe, pa mnzawo, pa mtambo umene ukusuzumira kuseri kwa phiri. Anzawo ankafika pamwamba n'kuyatsa fodya iwo akadali pakati. Ankawaseka kuti pomwe azikafika pamwamba, wayilesiyo ikhala itamaliza kale kuwerenga nkhani. Iwo ankangoyankha kuti pansi palibe amene amachedwa kufikapo.

Anabadwa pa 9 Juni 1941, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa siteshoni ya sitima. Bambo awo atamwalira, sukulu anailekera panjira n'kuyamba kupenta madenga a malata ndi mathanki a madzi. Ntchito ya nsanja anailowa ndi bulashi m'manja, kupaka zitsulo utoto wofiira ndi woyera kuti oyendetsa ndege aziziona. Kenako anaphunzira kumanga nsanjazo, chitsulo pa chitsulo, bawuti ndi nati yake. Pa 17 Ogasiti 1968 anakwatira mayi wosoka madilesi, wosalankhula zambiri koma wosaiwala kanthu. Mu 1974 anatenga mlongo wa akazi awowo, munthu wamtali, wa pakamwa posapuma, kuti azikwera naye. Kuyambira pamenepo, pa nsanja iliyonse imene a Bilimankhwe anamanga, mlamu wawoyo analipo.

Okwera nsanja amakwera awiriawiri, atamangana pa chingwe chimodzi. Mmodzi akamasuntha, mnzake amakhala atakola ngowe yake pa chitsulo, maso ali pa ngowe ya wosunthayo mpaka itakola. Pansi pamakhala wachitatu, wokoka katundu ndi kuyang'anira zonse. Wapansi wa gulu lawo ankawatchula kuti a Khosi, popeza khosi lawo linauma ndi kuyang'ana kumwamba, moti ngakhale pamsika ankayenda ngati akufunafuna mvula. Pamwamba mphepo imameza mawu, choncho amalankhulana pomenya chitsulo ndi sipanala: kamodzi, imani, kawiri, kokani, katatu, tsitsani.

Gululi linali ndi malamulo awiri amene sanalembedwe paliponse. Loyamba linali loti amene wamanga bawuti yoyamba ya nsanja ndi amenenso amaika nyali yofiira ya pamwamba penipeni. Lachiwiri linali la zogwetsa. Ukagwetsa chida uli pamwamba, umatsika, osakweranso tsiku limenelo. Ukagwetsa kachitatu pa moyo wako wonse wa ntchito, umavula lamba, basi. Nati yochokera pamwamba pa nsanja imaboola chipewa cholimba ngati pepala, ndipo pansi pamakhala munthu wa ana ake. A Bilimankhwe anali atagwetsapo kawiri: bulashi mu 1971, ndi sipanala pa 6 Novembala 1986, njuchi zitawaluma pa chikope. Mlamu wawo, yemwe anali atagwetsa kamodzi kokha, sankaiwala kuwakumbutsa. "Alamu, mwatsala ndi imodzi," ankatero pomanga lamba. "Muziidya pang'onopang'ono."

Pa 1 Okutobala 1996, kampani ina yaing'ono inalandira chiphaso choyendetsa mapeja. Ana a lero sazidziwa zimenezi. Peja ndi kabokosi kokoleka pa lamba, kamene kankalira munthu wina akakufuna, n'kuonetsa nambala yoti ukaimbe. Madokotala ndi oyendetsa malole ankatifuna kwambiri timabokosito. Koma kuti tilire pankafunika nsanja pa phiri la kumbuyo kwa tauni, ndipo chiphasocho chinali ndi mchira wake: pofika pa 30 Seputembala 1997 nsanja ikhale itaima ndiponso ikutumiza mauthenga, apo ayi ofesi yopereka ziphaso ilanda chiphasocho n'kupatsa ena. Kampaniyo inalemba gulu la a Bilimankhwe. Maziko anathira mu Malichi, ndipo pa 14 Epulo a Bilimankhwe anagwada pa simenti n'kumanga bawuti yoyamba.

Mwezi wotsatira njinga inawagunda pachipata cha nyumba yawo. Sanavulale, koma akazi awo, omwe anali pakhonde, anaona kuti njingayo inabwera poyera, masana, mwini wake akuliza belu, ndipo amuna awo sanatembenuke. Anakumbukiranso mphuthu ya chitseko imene phewa lawo linali litayamba kuigunda, ndi makapu awiri amene anasweka mwezi umodzi. Pa 22 Meyi anawatengera kuchipatala cha maso.

Dokotala wake anali mayi wa magalasi ochindikala. Atawayeza, anati madzi a m'maso akupanikiza mtsempha n'kumaupha, kuyambira m'mbali kulowera pakati. Dziko lizichepa ngati akuliyang'anira mu paipi, ndipo paipiyo izinka nicheperachepera. Mankhwala odontheza achedwetsa, koma zimene zapita zapita. Atafunsa ntchito imene amagwira, n'kumva yankho lake, anaika cholembera pansi. Anati akanakhala iye, akanasiya tsiku lomwelo.

Podikira basi yobwerera, awiriwo anagwirizana. A Bilimankhwe anapempha kuti amalize nsanja imodzi yokhayi, popeza bawuti yoyamba anali atamanga kale. Akaika nyali, lamba adzavula okha, osati kuvulidwa. Basi itatulukira pa ngodya, akazi awo anafunsa tsiku lake. Atamva kuti ndi pa 30 Seputembala, anavomera, n'kulonjezanso kuti sauza munthu.

Koma zitsulo zinabwera theka. Za mmunsi zinafika bwinobwino. Za pamwamba sitima yapamadzi inakazitsitsa pa doko lina, ndipo kuti zipezeke ndi kubwezedwa inali nkhani ya miyezi. Pofika mu Julayi nsanja inali itaima mpaka m'chiuno, ndipo gulu linalibe choti limange.

Ofesi ya kampaniyo inali chipinda chimodzi pamwamba pa sitolo ya matayala. Makatoni a mapeja anali ataunjikidwa kukhoma osatsegulidwa, ndipo amayi awiri amene anaphunzitsidwa kulandira mauthenga ankangokhala pa matebulo awo akuluka masiweta. A manijala, bambo wowonda amene malaya awo ankanyowa kumsana ngakhale m'nyengo yozizira, anali atalembera ofesi ya ziphaso kupempha kuti tsiku lisunthidwe. Pa 12 Seputembala anaitana onse n'kuwerenga yankho ataimirira: apatsidwa mpaka pa 31 Malichi 1998. Anthu anaomba m'manja. Anatuma zakumwa zoziziritsa kukhosi, ndipo mlamu anavina ndi mpando. A Bilimankhwe anagwira botolo lawo osamwa. Phokoso litachepa anafunsa ngati panali njira yoti zitsulo zifike mvula isanayambe.

"Madala, mukuthamangira kuti?" anaseka a manijala. "Atipatsa mpata wopuma. Inuyo Bilimankhwe weniweni lero mwayamba liwiro?"

Onse anaseka, iwonso anaseka nawo.

Kunyumba anapeza akazi awo ali pa makina, akusoka yunifolomu ya mwana wa mnansi. Anawafotokozera ataima pakhomo. Makina anapitiriza kulira mpaka msoko utatha, kenako anaima.

"Tsiku lawo lasuntha," anatero mayiwo. "Lathu lija silinasunthe."

A Bilimankhwe anati chimene anagwirizana chinali nsanja, osati tsiku. Akazi awo anati iwo anafunsa tsiku, ndipo anayankhidwa tsiku.

"Kodi ofesi imeneyo, abambo, yawonjezeranso maso anu miyezi isanu ndi umodzi?"

Mayiwo anati akamuuza mlongo wawo. A Bilimankhwe anawachonderera kuti asatero. Akauzidwa, ndiye kuti akane kukwera ndi munthu amene anamuphunzitsa ntchito, kapena akwere mtima uli m'mwamba. Zonse ziwiri ndi katundu amene iwo sankafuna kumusenzetsa. Analonjeza kuti tsiku limene adzaone kuti sakukwanitsa, adzatsika okha.

"Mudzaona ndi chiyani?" anafunsa akazi awo. "Chingwe chanucho n'chimodzi. Mukagwa, ine ndidzakhala pa maliro ati, a mwamuna kapena a mlongo?"

Koma sabata imeneyo mayiwo sanamuuze mlongo wawo, yotsatira sanamuuzenso. Lonjezo la podikira basi lija linawamanga, ndipo ankadziuza kuti zitsulo zikadali kutali.

Mvula ya chaka chimenecho inakokolola msewu wokwera phiri. Zitsulo zinafika m'tauni mu Febuluwale, koma lole ikanakwera pati? Anaziunjika kuseri kwa sitolo ya matayala, n'kuzifunditsa lona. A manijala analembanso kalata, ndipo pa 20 Malichi yankho linabwera: mpaka pa 30 Seputembala 1998, komaliza, osadzapemphanso. Ulendo uno zakumwa sizinatumidwe.

Miyezi yodikira ija inawadya a Bilimankhwe kuposa ntchito ina iliyonse. M'mawa uliwonse ankadontheza mankhwala, n'kutuluka pakhonde kukayang'ana phiri. Chaka chapitacho ankaona nsanja yodukayo yonse pamodzi ndi phiri lake ndi mitengo ya m'mbali. Tsopano kuti aione yonse ankayamba patsinde, n'kumakweza mutu pang'onopang'ono mpaka pamene akhwangwala anali atamanga chisa. Anayamba kudziphunzitsa kutembenuza mutu wonse m'malo mwa maso. Ankamanga ndi kumasula mfundo za chingwe atatsinzina. Ankakwera makwerero a thanki ya madzi ya kuseri kwa nyumba, kutsika, kukweranso, mpaka anansi anayamba kufunsa ngati thankiyo ikudontha. Akazi awo anasiya kuika kapu pambali pa mbale. Chilichonse ankaika kutsogolo. Tsiku lina anaima pambali pa mpando wa amuna awo atanyamula tiyi, osalankhula, kuti aone. Tiyiyo anasiya kutuluka nthunzi asanaonedwe.

Pa tintchito ting'onoting'ono timene gulu linkagwira podikira, monga kusintha mababu ndi kumangitsa mawaya pa nsanja zakale, mlamu anasintha kachitidwe. Popereka chida ankazungulira n'kuperekera kutsogolo. Nthabwala ya imodzi yotsala ija anaisiya. A Bilimankhwe anazindikira, ndipo madzulo ena anafunsa akazi awo ngati anamuuza.

"Sindinamuuze," anatero mayiwo, osakweza mutu pa nsalu. "Ali ndi maso ake."

Msewu utakonzedwa, lole inakwera phiri pa 3 Ogasiti. Kwa masabata asanu ndi awiri anamanga. A Bilimankhwe ankachedwa kuposa kale lonse, koma sanalakwitse kanthu, ndipo mumtima anayamba kukhulupirira kuti afika. Mlamu ankadzipachika mbali ina ya nsanja kuti azikhala moyang'anizana nawo, ngakhale pamene zinkamuvuta kufikira bawuti. A manijala ankakwera phiri tsiku lililonse ndi nsapato za muofesi, n'kumaima pafupi ndi kanyumba ka makina akupukuta khosi ndi mpango.

Tsiku la nyali linali pa 24 Seputembala. Kunali dzuwa, koma mphepo inali yamphamvu. Pamwamba penipeni nsanja imachepa, moti anthu awiri sangayang'anizane. Mlamu anakhala kumanzere, chapansi pang'ono, atanyamula thumba la nyali kumsana. Chitsulo chokhazikapo nyali chimafuna manati anayi. A Bilimankhwe anamanga atatu. Mlamu anatambasula dzanja ndi yachinayi, n'kunena kuti nayi, koma mphepo inatenga mawuwo. A Bilimankhwe, posaona dzanjalo, anatembenuka kuti apise m'thumba lawo, ndipo chigongono chawo chinagunda zala za mlamu.

Kugwa kwake sanakuone. Anangomva nati ikulira pa zitsulo, ngwe, ngwe, kenako phokoso limodzi la malata. Inaboola denga la kanyumba ka makina, n'kukagwera pafupi ndi phazi la injiniya amene ankalumikiza mawaya mkatimo. Chitsulo chinanjenjemera kamodzi m'manja mwawo: a Khosi akuti imani. Ndipo mawu awo anakwera ang'onoang'ono, kufunsa kuti ndani.

"Ndine!" anakuwa mlamu, a Bilimankhwe asanatsegule pakamwa. Kenako anatsitsa mawu. "Yanga yachiwiri imeneyo, alamu. Lamulo likuti nditsike, ndipo nokha simungatsale. Tiyeni. Mawa mudzaika nyali yanu."

A Bilimankhwe mumtima anailandira mphatsoyo. Nati inalidi m'zala za mlamu, ndani angatsutse? Mawa mphepo idzakhala itachepa.

Anayamba kutsika mosinthana, monga mwa nthawi zonse. Atafika pamene nsanja imayamba kutambasuka, inali nthawi ya mlamu kusuntha, ndipo ya iwo kuyang'anira. Anaika maso pa ngowe yake. Mphepo inawakankha, anaphethira, n'kugwiritsa chitsulo. Pobwezera maso, ngowe panalibe. Panali chitsulo chokha ndi utoto wake. Anatembenuza mutu kumanja: thambo. Kumanzere: chingwe, koma kupita kuti? Anachitsatira ndi mutu wonse, pang'onopang'ono, ngati munthu wofufuza singano mu udzu ndi tochi, mpaka paipi yawo ija inagwera pa nkhope ya mlamu. Anali makwerero awiri pansi pawo, atagwira chitsulo ndi dzanja limodzi, ngowe ili m'dzanja linalo, yosakola paliponse. Ankadikira kuti aonedwe, ndipo nthawi yonseyo ankawayang'ana akumufunafuna.

Mlamu anakweza ngoweyo n'kuikola pa chitsulo cha kutsogolo kwenikweni kwa maso awo, ndipo anatsika choncho mpaka pansi.

Mapazi atagunda simenti, a Bilimankhwe anapita kwa a Khosi. "Yachitatu," anatero.

Mlamu anati ayi, inali m'zala zake. Iwo anati chigongono chinali chawo. A Khosi, omwe anaona kuchokera pansi mmene awiriwo anatsikira, anayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyo, kenako anabwezera maso kumwamba kumene anazolowera. A manijala anafika akuthamanga, n'kuyamba kuchonderera kuti palibe wavulala, denga likonzedwa, kanati kamodzi kasaimitse ntchito pamene oyendera a ku ofesi ya ziphaso akubwera sabata yamawa. Anati akalephera ulendo uno palibenso kopempha, ndipo amayi awiri a kuofesi aja, injiniya, onse apita kwawo. A Bilimankhwe anawamvetsera mpaka kumapeto. Anati nyali iikidwa nthawi isanakwane, koma afune munthu wina wokwera ndi mlamu wawo. Atatero anamasula lamba, n'kumukoleka pa msomali wa kukhoma la kanyumba kaja. Msomaliwo anachita kuufufuza ndi zala.

Kunyumba anafika dzuwa likadali pamwamba. Akazi awo ataona kuti abwera opanda lamba paphewa, anayang'ana kumbuyo kwawo, kumsewu. A Bilimankhwe anamva mpando ukukwekwereka ndipo anadziwa chimene chikufunidwa. "Mlongo wanu ali bwino," anatero. "Akupinda zingwe." Mayiwo anakhalanso pansi, koma makina sanawagwirenso tsiku limenelo.

Pa 26 Seputembala mlamu anakwera ndi munthu wa gulu lina. Asanapite anadzera kunyumba ndi thumba la nyali, kupempha kuti mwina alamu ake alowetse okha babu m'chigoba chake, kuti dzanja lawo likhalepo. A Bilimankhwe anakana. Anati nyali saikira pakhonde. Oyendera anabwera pa 29, anayeza zoyeza zawo, ndipo chiphaso chinapulumuka. Makatoni anatsegulidwa, timabokosi tinayamba kulira m'ziuno za madokotala ndi oyendetsa malole. Timabokosito sitinalire nthawi yaitali. Mafoni a m'manja anafika, ndipo pa 31 Disembala 2001 kampaniyo inatseka. Nsanja ikadalipo; ena anapachikapo mbale zawo zoyera zolandirira mauthenga, ndipo nyali yake imayaka.

A Bilimankhwe anapemphapo kuti azithandiza pansi, kukoka chingwe ndi kumvera sipanala, popeza makutu ndi manja anali bwinobwino. A Khosi anabwera okha kunyumba kudzawayankha. Anamwa tiyi, anakamba za mvula, ndipo ponyamuka anati wapansi ndiye amafunika maso kuposa onse. Kuyambira pamenepo malo awo anali m'chipinda chosokera, kugwira nsalu kuti isasunthe akazi awo akamadula, ndi kukulunga ulusi. Mpando wawo wa pakhonde anautembenuza kuti uyang'ane kumsewu. Ana ndi adzukulu akatchula nyali ya paphiri, iwo ankafunsa za sukulu. Paipi ija inatsekeka mu 2004.

Mlamu anakwerabe zaka zina zisanu ndi chimodzi, akudziwerengera ziwiri, ndipo anavula lamba yachitatu isanagwe. Lamlungu lililonse masana ankabwera, n'kukoka mpando kukhala kutsogolo kwenikweni kwa alamu ake, ngakhale pamene kutsogolo ndi kumbali zinali zitafanana. Ankakamba za mpira, za mitengo ya zinthu, za amene wamwalira. Koma mpaka pa 11 Febuluwale 2010, pamene a Bilimankhwe anatsikira kumene palibe amachedwa kufika, nkhani inkathera pamodzimodzi, akazi awo akumvetsera m'chipinda, lumo lili m'manja.

"Nati ija ndinagwetsa ndine," ankayamba a Bilimankhwe. "Unanama pamaso pa a Khosi, munthu wamkulu."

"Inali m'zala zanga, alamu. Inuyo munaiona ikugwa?"

"Sindinaione."

"Nanga dzanja langa munaliona?"

"Sindinalione."

"Ndiye mukuchitira umboni chiyani? Imwani tiyi, ali kutsogolo kwanu."